Kodi Ayambe Ndani?

Abale, pa khomo la cipatala anamwino amasankha odwala: woyandikira imfa ayambe, wina adikire. Bala la nkhwangwa lioneka; nanga nthenda ya maganizo? Afika awiri. Wina afuula, nang'amba zobvala. Mnzace akhala cete, alikulingalira za cingwe. Khamu liti, Yambani wofuulayo, atisokosa! Koma kutero ndiko kucitira cifundo makutu athu okha.

Cifukwa cace namwino asaweruze yekha. Mmodzi ayesa mwazi wa wofuulayo, pakuti malungo a mu ubongo ndi kucepa kwa shuga zisokonezanso mutu, ndipo wotere safunika kumtumiza ku cipatala ca amisala ku Zomba. Mnzace akhala pansi ndi wacete uja, namfunsa mosabisa ngati afuna kudzipha, pakuti kufunsa sikumpatsa ganizolo. Atatero apangana, ndipo samsiya yekha.