Makina Akapha Munthu, Mlandu Ndi wa Yani?

Kompyuta ilibe nzeru monga ambiri timaganizira. Mkati mwake muli purosesa imene imatsata malamulo limodzilimodzi, memory yosunga malamulowo pamodzi ndi manambala, ndi njira zolowetsera ndi kutulutsira uthenga. John von Neumann anafotokoza dongosolo limeneli mu 1945. Zonse zimasungidwa ngati 0 ndi 1. Timanambala 8 totere timapanga byte imodzi, ndipo byte imawerenga kulekeza pa 255. Mukawonjezera 1, imabwerera pa 0 mwakachetechete.

Kanthu kakang'ono kameneka kanaphapo munthu. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina owotchera khansa otchedwa Therac-25 anavulaza odwala asanu ndi mmodzi ku America ndi Canada, ena mpaka kumwalira. Makina akale, Therac-20, anali ndi zotchinga zakezake zimene zinkazimitsa mphamvu pulogalamu ikasokonekera. Pa atsopanowa, opanga anadalira pulogalamu yokha. Ku Yakima mu 1987, nambala yoyang'anira chitetezo inadutsa 255 n'kubwerera pa 0. Kwa makinawo, 0 ankatanthauza kuti zonse zili bwino.

Ndiye mlandu ndi wa yani? Purosesa sinalakwe, inachita zimene inauzidwa. Anthu amathamangira kuloza chala amene anadina batani, ndipo ife anamwino timadziwa kuwawa kwake, chifukwa nthawi zambiri dzanja lomaliza kukhudza makina limakhala lathu. Ine ndikuti mlandu waukulu uli kwa amene anakhala pa tebulo n'kugamula kuti pulogalamu singalakwe. Zipatala zitayamba kudandaula, kampani inayankha kuti makinawo sangapereke mphamvu yopitirira muyeso. Pamenepo si masamu ayi, ndi kudzikuza.

Ife okhala ku Columbia Heights tinaona zofanana nazo pafupi pomwepa. Pa 22 June 2009, kufupi ndi Fort Totten, zida zoona pamene pali sitima za Metro sizinaone sitima imene inaima pa njanji. Ina inabwera kumbuyo n'kuiwomba. Anthu 9 anafa, kuphatikizapo woyendetsa, amene anali atagwira kale mabuleki.

Komabe sindikufuna kutichotsa tonse pa mlandu. Ku Tyler, Texas, mu 1986, Therac-25 inalemba kuti Malfunction 54, osafotokoza tanthauzo lake. Woyendetsa makina anali atazolowera mauthenga otere, ndiye anadina P kuti apitirize. Sindimuweruza msanga. Pampu ya dripi ikamalira usiku wonse popanda chifukwa, khutu limagontha, aliyense wa mu wodi akudziwa. Koma tsiku limenelo kanema woonera wodwala anali wosalumikizidwa, ndipo chomvetsera mawu chinali chitafa. Munthu yekhayo amene ankadziwa kuti zinthu zalakwika anali wodwalayo, ndipo panalibe waya womufikitsa kwa wina aliyense. Anadzuka yekha pa bedi n'kukamenya chitseko.