Wogula wa pa foni sangapise dzanja m'thumba



Pa holide yapitayi ndinali kwathu ku Chitipa, ndipo ndinachita chinthu chomwe chikundivutabe mumtima. Ndaganiza zochilemba pano chifukwa ambiri a inu muli ndi kageni kanu pa status ya WhatsApp, kaya ma hijab, kaya mafuta onunkhira, kaya mandasi, ndipo tonse tikumva mawu amodzimodzi masiku ano: dzikhulupirire, dzionetse, usaope kamera. Funso langa ndi lakuti, Msilamu akamatsatsa malonda ake, choona chimathera pati ndipo bodza limayambira pati?

Achemwali anga amagulitsa nyemba pa boma. Amakapikula kwa alimi cha ku Misuku ndi ku Chisenga, ndipo ntchito yawo amaidziwa. Akangotapa nyemba m'manja amakuuzani ngati zauma bwino, ngati ndi za chaka chino, ngati zipse msanga pamoto. Amatsatsa m'Chilambya, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo akabwera a ku Tanzania odutsa pa Mbilima amanenerera nawo mtengo m'Chiswahili. Koma mungowalozetsa kamera ya foni, mawu onse aja amathera pakhosi.

Vuto ndi lakuti pa boma pokha geni ya nyemba singakule. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 235,000 m'boma lonse la Chitipa, ndipo ambiri mwa iwo nyemba amalima okha. Ogula ambiri ali ku Karonga, ku Mzuzu, ku Lilongwe. Kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 100, ku Mzuzu opitirira 300, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe amene amafuna kukwera basi ndi matumba asakudziwa ngati akagulitsa. Njira yomwe yatsala ndi foni. Munthu aone katundu, atumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, inu mukweze thumba n'kumupatsa nambala ya kondakitala. Amene saoneka pa foni, kwa ogula amenewa ali ngati kulibe.

Nditawauza kuti tijambule vidiyo, anakana. "Iwe, ukufuna ndizidzichemerera pamaso pa dziko lonse? Kumadrasa sanakuphunzitse kuti manyazi ndi mbali ya imani?"

Anandiphunzitsa ndithu, koma anandiphunzitsanso zina, ndipo usiku umenewo ndinazitulutsa zonse. Ndinawakumbutsa za Mneneri Yusuf (AS). Atatuluka m'ndende, mfumu ya ku Iguputo itamukhulupirira, iye sanadikire kuti imusankhire ntchito. Anapempha yekha kuti ayang'anire nkhokwe za dziko, ndipo chifukwa chomwe anapereka n'chakuti amatha kusunga komanso amadziwa. Munthu wina akanati awa ndi matama. Koma kutsogolo kunali zaka 7 za njala, ndipo akanakhala chete pofuna kuoneka wodzichepetsa, anthu akanavutika. Ndinawakumbutsa za Musa (AS), yemwe lilime linkamuvuta. Sananene kuti ine ndine wosayankhula basi, ndisiyeni. Anapempha Allah kuti amumasulire lilime kuti anthu amve zomwe akunena, anapemphanso kuti m'bale wake Harun, wodziwa kuyankhula kuposa iye, apite naye. Ndiye kuti kuyankhula momveka ndi chinthu chopempha, chophunzira, ndipo pomwe ukulephera ukhoza kutenga mnzako. Ndinatchulanso Abdurrahman bin Awf (RA), yemwe anafika ku Madina chimanjamanja, m'bale wake wa Chiansari n'kumupatsa theka la chuma chake, iye n'kukana n'kungopempha kuti amulozere komwe kuli msika.

Za kudzikuza, hadith yomwe ili mu Sahih Muslim inatimasula kale. Munthu wina anafunsa Mtumiki (SAW) ngati kukonda chovala chabwino ndi nsapato zabwino kuli kudzikuza. Yankho linali lakuti ayi, Allah amakonda zokongola, ndipo kudzikuza ndi kukana choona komanso kuderera anthu. Choncho kunena kuti nyemba zanga ndi zabwino, pomwe zilidi zabwino, si kibr.

Titakambirana nthawi yaitali, achemwali anaulula chenicheni. Sanali manyazi a chipembedzo ayi. Ankaopa kuti a ku Lilongwe aseka Chichewa chawo chomveka chakumpoto, ndipo anzawo a pamsika azinena kuti wayamba kudzimva. Ambiri a ife zimatichitikira, mantha timawaveka mkanjo n'kuwatcha haya. Haya imakuletsa kuchita choipa. Chomwe chimakuletsa kunena mtengo wa katundu wako momveka ndi mantha chabe. Tinagwirizana kuti nkhope isaoneke, aoneke manja ndi nyemba, amveke mawu. (Nkhani ya nkhope ndi kamera aliyense akafunse ashehe ake, ine si mufti.)

Mpaka apa ndinali pa choona. Ndinaphonya tsiku lojambula.

M'nyumba munali matumba a nyemba zatsopano, koma munalinso zotsala za chaka chatha zomwe zinasakanizidwa m'matumba ena, ndipo zina zinali zitayamba kufumbwa. Ine ndinatenga lichero, n'kusankha zokongola zokhazokha, imodziimodzi. Ndinadontheza timafuta tophikira m'manja n'kuzipukuta kuti ziwale. Ndinaika filter. Pansi pa vidiyo ndinalemba kuti ndi nyemba zatsopano, zosankha kale, wallahi simudandaula. Kenako ndinatumiza uthenga kwa anzanga atatu a ku yunivesite kuti alembe pa Facebook kuti anagulako ndipo n'zabwino. Palibe mwa iwo amene anapondako ku Chitipa.

Achemwali anafunsa, "Nanga zofumbwa zija?"

Ndinayankha ndikuseka, "Achemwali, inu simukudziwa, imeneyi ndiye marketing."

Ndipo zinayendadi. Pasanathe masiku awiri mayi wina wa lesitilanti ku Mzuzu anaitanitsa matumba awiri, n'kulipiriratu zonse. Ndinadzimva ngati katswiri.

Patapita masiku anayi kunabwera voice note. Mayi aja sanatukwane, mwina akanatukwana bwenzi zili bwinoko. Anangofotokoza modekha kuti atsikana awo a ntchito atha m'mawa wonse akusankha nyemba, kuti zina zikupsa zina sizikupsa mumphika umodzi, ndipo kuti analipiriratu chifukwa anaona dzina la Chisilamu ndi wallahi ija. Anati iwo amadziwa kuti Asilamu sanama pa malonda. Amene munakhalako ku Chitipa mukudziwa kuti Asilamu kuno ndife owerengeka, m'modzi akachita chinthu chimakhala ngati tachita tonse. Achemwali anabweza mbali ya ndalama kuchotsa pa mpamba wawo. Kwa ine anangonena chimodzi: "Iwe, mu nkhani ya Yusuf unandiuza ija, mafuta ophikira analimo?"

Chondichititsa manyazi kwambiri n'chakuti hadith yokhudza zomwe ndinachita ndinailoweza ndili mwana. Mtumiki (SAW) anadutsa pamsika pa mulu wa chakudya, anapisa dzanja mkati, zala zake n'kukhudza chinyezi. Mwini wake anati mvula ndiyo inanyowetsa. Mtumiki anamufunsa chifukwa chomwe sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, n'kunena kuti wachinyengo sali m'gulu lake. Taonani bwino, munthu uja sananame ndi pakamwa. Sanakane kuti pansi panyowa. Anangokonza mulu wake kuti maso aone zina, dzanja lipeze zina. Lichero langa lija linali pamwamba pa mulu womwewo.

Koma pali kusiyana kumodzi komwe kwandiganizitsa kwambiri. Pamsika wa Madina, ngakhale pamsika wa Chitipa lero, wogula ali ndi dzanja. Akhoza kupisa mpaka pansi pa thumba, kuluma nyemba imodzi, kununkhiza. Wogula wa ku Mzuzu alibe. Chomwe ali nacho ndi masekondi 30 omwe ine ndasankha kumuonetsa. Ndalama akutumiza katundu asanamugwire. Ndiye dzanja lake lija, lomwe likanamuteteza, lili kwa ine wojambula. Kamera yapangitsa kuti udindo wa wogulitsa ukule, pomwe ambiri a ife timaiona ngati mwayi wobisa zambiri.

Ma comment a anzanga aja nawonso ali ndi dzina lake m'fiqh. Kuli chinthu chotchedwa najash, chomwe Mtumiki (SAW) analetsa: munthu kumakweza mtengo pa malonda alibe cholinga chogula, pofuna kungokopa wina kuti agwe. Ine ndikuona kuti mnzako kulemba kuti ndinagula, n'zabwino, asanagule, ndi mwana wa nyumba yomweyo. Ndipo wallahi yomwe timaimwaza pa status ngati mchere ija, hadith ina imatichenjeza kuti kulumbira kumayendetsa malonda koma kumafufuta baraka. Kwa ife zinachitika ndendende: matumba awiri anapita msanga, phindu lake linabwerera ku Mzuzu pa Mpamba.

Nditabwerera kusukulu ndinamufotokozera mnzanga wina amene amaphunzira za bizinesi. Sanagwirizane nane, ndipo mfundo yake si yopepuka. Anati aliyense amadziwa kuti chithunzi cha malonda chimakongoletsedwa, wogula amachotserapo yekha m'mutu mwake. Ukaonetsa zofumbwa pomwe anzako onse akuonetsa zowala, wogula aganiza kuti zako ndi zoipa kuposa momwe zilili, ndipo woona mtima ndi amene agone ndi njala. Anandifunsanso kuti nanga kusankha kuwala kwabwino, kuyala nsalu yoyera, kuyeserera mawu kasanu usanajambule, si kukongoletsa komweko? Mzere uli pati?

Ndinakhala nalo funso limeneli masabata angapo. Pomwe ndafika ndi apa. Kuwala kwabwino kumathandiza munthu kuona chomwe chilipo. Mafuta ophikira amamuonetsa chomwe palibe. Kuyeserera mawu kumachititsa kuti choona chimveke bwino, pomwe comment yogula kwa mnzako imapanga mboni yomwe kulibe. Ndikajambula ndimadzifunsa kuti, tsiku lomwe mayi uja adzamasule thumba, adzaona zomwe anaona pa foni? Ndipo atakhala kuti anaima pambali panga ndikujambula, n'kuona zonse zomwe ndikuchita, akanatumizabe ndalama? Nsalu yoyera akanaiona n'kumwetulira. Botolo la mafuta akanaliona n'kutseka foni.

Za kugona ndi njala, sindinganame kuti woona mtima amapambana nthawi zonse. Alipo amene akulemera ndi zithunzi zotapa pa intaneti, ndipo mwina sadzagwidwa. Malamulo a dziko amaletsa kutsatsa konyenga, ndipo bungwe la CFTC lilipo, koma ndi mayi uti wa lesitilanti amene angasiye miphika kukadandaula za matumba awiri? Nthawi zambiri woweruza pa malonda a pa foni ndi wogulitsa yekha ndi Mbuye wake. Chomwe tili nacho ndi lonjezo lakuti ogulitsana akanena zoona n'kufotokoza zilema za katundu, malonda awo amadalitsidwa. Baraka siiwerengeka ngati ma like, ndipo ndikuvomereza kuti pa tsiku lomwe lendi yakwana, kudikira chinthu chosawerengeka n'kovuta.

Chinanso chomwe ndinazindikira mochedwa chikukhudza kudzikhulupirira komwe ndinkalalikira kuja. Ine amene ndinkawauza achemwali kuti adzikhulupirire, ndi amene sindinawakhulupirire. Ndinaona kuti luso lawo lodziwa nyemba silikwanira kukopa munthu, ndiye ndinawonjezera mafuta. Uphungu womwe wadzaza pa TikTok, woti dzionetse ngati wafika kale mpaka udzafikedi, umamveka ngati kulimba mtima, koma pansi pake pali mantha omwewo omwe achemwali anali nawo, oti chomwe ndili nacho n'chochepa. Yusuf (AS) anatchula zinthu ziwiri zokha, kusunga ndi kudziwa, ndipo zonse anali nazodi. Munthu amene akudziwa chomwe Allah anamupatsa akhoza kuchinena mokweza pamaso pa mfumu, ndipo akhoza kunenanso mosanjenjemera kuti ichi ndilibe.

Ndisanachoke kumudzi tinajambula vidiyo ina. Tinasiyanitsa kaye matumba, zatsopano pazokha, za chaka chatha pazokha. Tinajambula panja cha m'ma 7 koloko m'mawa dzuwa lisanawawe, foni titaitsamiritsa pa ndowa kuti isagwedezeke. Achemwali anakhuthula thumba lonse pa mphasa kamera ikuona, n'kutapa za pansi penipeni. Ananena komwe zachokera, muyeso wake, mtengo wake, ndi tsiku lomwe zingafike ku Mzuzu. Kenako anakokera thumba lachiwiri n'kunena kuti izi ndi za chaka chatha, zimachedwa kupsa, muli zofumbwa pang'ono, n'chifukwa chake mtengo watsika. Tinabwereza kanayi chifukwa tambala wa aneba ankangolira. Pa ulendo wachinayi mawu awo sananjenjemere, ndipo Chichewa chakumpoto chija chinamveka bwinobwino.

Vidiyo imeneyi inaonedwa ndi anthu ochepa kuposa yoyamba ija. Za chaka chatha zinagulidwa ndi bambo wina wa ku Karonga amene amaphikira ana asukulu ogonera, ndipo anadzaitanitsanso. Mayi a ku Mzuzu aja tinawatumizira vidiyoyo pamodzi ndi kupepesa kwanga. Anaiona, timizere tiwiri tinasanduka ta buluu, koma mpaka lero sanayankhe. Achemwali nambala yawo sanaifufute.