Khutuba ya Lachisanu: Njala ya Mtima wa Wokalamba

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini moyo ndi imfa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha pamodzi ndi inu kuti timuope Allah. Funso lathu lero ndi ili: wokalamba akakhuta, nafunda, namwa mankhwala, kodi tamusamalira mokwanira?

M'nyumba zosamalira okalamba zimene bungwe la INAS limayang'anira, ngakhalenso m'makomo mwathu, timadziwa kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Koma njala ya mtima ilibe sikelo, imadziwika pofunsa. Ife sitifunsa, poganiza kuti tikudziwa kale. Safunsa anadya phula.

Khalani nawo pansi, muwafunse mwaulemu: Agogo, mukutha kupanga udhu nokha? Mukudziwa kumene kuli kibla m'chipinda muno? Alipo amene mukufuna mukhululukirane naye? Pali ngongole imene ikukusowetsani tulo? Allah akadzakuitanani, mukufuna adzakusambitseni ndani? Mukafunsa, tontholani, mumvetsere.

Mudzapeza kuti ena anasiya kuswali, osati chifukwa imani yafooka, koma poganiza kuti swala ya chikhalire silandiridwa. Auzeni za Imran ibn Husain, amene Bukhari akusimba kuti podwala analoledwa ndi Mtumiki (SAW) kuswali chikhalire, kapena chogonera m'mbali zikavuta. Madzi akamawonjezera matenda, pali tayammamu. Kusala Ramadhani kukakanika chifukwa cha ukalamba, Surat Al-Baqara ndime 184 yatsegula khomo la fidiya: kudyetsa mmphawi mmodzi pa tsiku lililonse. Musawasiye akudziweruza pa zimene Allah anawapeputsira.

Nanga amene nzeru zawathawa? Sharia yawachotsera udindo, koma sinatichotsere ife udindo wathu pa iwo. Si mfiti ayi, ndi odwala. Kawirikawiri woiwala mayina a ana ake amatsatirabe Al-Fatiha. Awerengereni.

Ndipo wokalamba akakhala wa chipembedzo china, muitanireni mtsogoleri wa mpingo wake. Kufooka kwa munthu si mpata womukakamiza.

Surat Al-Isra ndime 23 yaika kuchitira zabwino makolo pafupi penipeni ndi kupembedza Allah yekha. Choncho lisanafike Lachisanu lina, aliyense akayendere wokalamba mmodzi, akamufunse.

E, Allah! Chitirani chifundo makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola, ndipo mutipatse tonsefe mathero abwino. Amin.