Kodi zilembo zingaseke pamaliro?

Zilembo nazonso zili ndi kamvekedwe ngati mawu apakamwa. Mukamadutsa pamsika wa Likuni kapena ku Chinsapo, taonani zikwangwani zolembedwa ndi burashi. Wolembayo amadziwa kuti pa saluni zilembo ziyenera kuvina, koma pamalo okhomera mabokosi a maliro ziime chilili ngati bambo wovula chipewa.

Masiku ano tonsefe ndife ma designer. Timatsegula PixelLab kapena Canva pafoni, n'kusankha font yonenepa, yopindikapindika ngati yalembedwa ndi mwana wa sitandade 2. Pa poster ya birthday imakhala bwino zedi. Koma font yomweyo ndimaionanso pa ma status olengeza maliro: chithunzi cha malemu, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, zonse m'zilembo zodumphadumpha. Ndiye ndimadzifunsa: apa sitikulakwira malemu?

Ena amati zilembo ndi zilembo basi, bola uthenga wafika. Ine ayi. Comic Sans, font yotchuka ija yooneka ngati yolembedwa pamanja, inabadwa chifukwa cha funso lomweli. Mu 1994 Vincent Connare wa ku Microsoft anaona kagalu kakatuni pakompyuta kakulankhula m'zilembo za Times New Roman. Iye anaona kuti sizikugwirizana, ndipo anajambula zilembo zoyenera kagaluko. Ngati kagalu sikayenera kulankhula ngati kalata ya boma, uthenga wa imfa ya mayi wa munthu ulankhulirenji ngati kagalu?

Ndikudziwa, wopanga poster uja mwina amaipanga misozi ili m'maso. Sindikumuweruza. Ndipo kwathu kuno kuseka pamaliro si kwachilendo: adzukulu amachita nthabwala mpaka anamfedwa kumwetulira. Komatu adzukulu ali ndi udindo umenewo, amalidziwa banjalo, ndipo amadziwa posiyira. Font siidziwa aliyense. Taiyang'anitsitsani: "a" woyamba ndi "a" wachiwiri ndi ofanana ndendende, pomwe dzanja la munthu silibwereza choncho. Imaoneka ngati dzanja, koma kumbuyo kwake kulibe munthu woti achite manyazi.

Choncho manyaziwo atsalira ife osankha. Usanaposte, tawerenga uthengawo mokweza, ndi mawu amene zilembozo zikukupatsa. Ngati sungawalankhule choncho utagwada pamaso pa anamfedwa, sintha font.