Mtsutso: Kodi Salinger Anali ndi Ufulu Wodzibisa?

J. D. Salinger anabadwira ku New York mu 1919. Dzina lake linamveka kutali mu 1951 atatulutsa buku la The Catcher in the Rye, nkhani ya Holden Caulfield, mnyamata wochotsedwa sukulu amene akungoyendayenda mumzinda atanyansidwa ndi chinyengo cha akuluakulu. Mu 1953 Salinger anasamukira kumudzi wa Cornish m'chigawo cha New Hampshire. Nkhani yake yomaliza kusindikizidwa inatuluka m'magazini ya The New Yorker mu 1965, ndipo anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 91 osatulutsanso kanthu. Funso la mtsutso uno ndi lakuti: kodi munthu amene dziko lamukweza chotere ali ndi ufulu wolitsekera chitseko?

Wotsutsa: Palibe wolemba amene amatchuka yekha. Anamukweza Salinger ndi owerenga mamiliyoni amene anagula buku lake, ndipo ndalama zawo n'zimene zinamulola kukhala phee kuphiri osavutika n'kufuna ntchito. Akadaleka kulemba, tikanati luso linamuthera. Koma mu 1974 anauza mtolankhani wa New York Times palamya kuti akulembabe, kungoti akulembera yekha. Ameneyu ndi munthu wodalitsidwa ndi mphatso n'kuitsekera m'kabati. Sanalekere pomwepo. Ian Hamilton, wolemba wa ku Britain, atayamba kulemba mbiri ya moyo wake pogwiritsa ntchito makalata amene anali kale m'malaibulale a mayunivesite, Salinger anamutengera kukhoti, ndipo mu 1987 khoti la apilo linaletsa Hamilton kugwira mawu a m'makalatawo. Anzanga, munthu amene mabuku ake amaphunzitsidwa m'masukulu sangaletse ophunzira kufufuza za iye. Kumeneko n'kudya za anthu n'kuwakana.

Womuikira kumbuyo: Anzanga a mbali inayo akulankhula za ngongole, ndiye tifunse kuti owerenga anagula chiyani. Wogula thumba la chimanga pamsika sagula nkhokwe ya mlimi, ndipo alibe chonena pa zimene zatsala m'menemo. Owerenga analipira buku n'kulandira buku. Mabuku ake anayi, kuphatikizapo Nine Stories ndi Franny and Zooey, anakhalabe m'masitolo moyo wake wonse. Chimene anthu ankafuna pamwamba pa zimenezo ndi munthu mwiniyo: nkhope yake, khomo lake, zochita zake za tsiku ndi tsiku. Zimenezo sanazigulitsepo.

Tikumbukirenso kumene munthuyu anachokera. Pa 6 June 1944 anali m'gulu la asilikali a America amene anatsikira pagombe la Utah ku Normandy. Anadutsa m'nkhondo yoopsa ya m'nkhalango ya Hürtgen, ndipo mu 1945 anaona ndi maso ake msasa wina wozunzirako anthu wa nthambi ya Dachau. Nkhondo itatha anagonekedwa m'chipatala ku Nuremberg chifukwa chosokonezeka maganizo. Sindikunena kuti nkhondo ndiyo ikufotokoza zonse, koma munthu amene waona zoterozo akapempha bata, pempho lake si lamwano. Ndipo onani zimene anthu anachita ndi pempholo. Atangofika ku Cornish ankacheza ndi ana asukulu a m'deralo, mpaka anavomera kuti mtsikana wina amufunse mafunso a tsamba la ana asukulu la m'nyuzipepala. Nyuzipepala ya kumeneko inaitenga nkhaniyo n'kuitulutsa ngati nkhani yaikulu, ndipo zitatero anamanga mpanda. Mu 1988 wojambula zithunzi anamubisalira kunja kwa sitolo, ndipo New York Post inasindikiza chithunzi cha nkhalamba ya zaka 69 itakwinya nkhope, nkhonya ili m'mwamba. Pachithunzi chimenecho wochititsa manyazi ndi amene anagwira kamera. Anthu oyandikana naye ankamuona kupositi ofesi, m'masitolo, ngakhale pachakudya cha mpingo, ndipo alendo ofunsa njira ya kunyumba kwake sankawathandiza. Salinger ankakhala ndi anthu bwinobwino. Chimene anakana ndi kusandutsidwa chionetsero.

Za Hamilton, khoti silinaletse munthu kufufuza. Linangonena kuti mawu a m'kalata yosasindikizidwa ndi a amene anailemba, ngakhale pepalalo lili m'manja mwa wina. Buku la Hamilton linatulukabe mu 1988 popanda mawuwo.

Wotsutsa: Mwalankhula bwino za mpanda, koma simunanene zimene zinkachitika mkati mwake. Mu 1972 Joyce Maynard, mtsikana wa zaka 18 wophunzira ku Yale, analemba nkhani imene inatuluka ndi chithunzi chake pachikuto cha New York Times Magazine. Salinger, ali ndi zaka 53, anayamba kumulembera makalata. Mtsikanayo anasiya sukulu n'kukakhala naye, ndipo chaka chisanathe anauzidwa kuti azipita. Atalemba zimenezi m'buku la At Home in the World mu 1998, anthu ambiri anamunyoza kuti ndi woulula zachinsinsi. Mu 2000 mwana wamkazi wa Salinger, Margaret, anatulutsa Dream Catcher, momwe anafotokoza mmene mayi ake, Claire Douglas, anakhalira osungulumwa kumudzi kuja, otalikirana ndi abale ndi anzawo. Bata limene mukulitamandalo analilipira ndi akazi ndi ana. Kodi ufulu woterewu ndi umene mukuuteteza?

Womuikira kumbuyo: Iyi ndiyo mfundo yolemera pa zonse zimene mwanena, ndipo sindiizemba. Bambo wa zaka 53 wokopa mtsikana wa zaka 18 mpaka kumusiyitsa sukulu walakwa, ngakhale atakhala wolemba waluso chotani. Koma mfundoyi sikugwetsa ufulu wodzibisa. Ikuonetsa pamene ufuluwo ukuthera. Salinger anali mwini wa moyo wake, nkhope yake ndi zolemba zake. Sanali mwini wa moyo wa Maynard kapena wa Margaret. Miyezi imene Maynard anakhala ku Cornish ndi gawo la moyo wake, ndipo ubwana wa Margaret ndi wa Margaret. Ufulu umene unalola bambo kukhala chete ndi womwewo umene unalola awiriwa kulankhula, chifukwa wonse ukuchokera pa mfundo imodzi: munthu aliyense ndiye wosankha chochita ndi nkhani ya moyo wake.

Mukaiona motero, muona kuti wojambula wa kusitolo uja ndi anthu amene ananyoza Maynard analakwa mofanana. Onse ankaona kuti munthu wofunika m'nkhaniyi ndi Salinger yekha. Wina anati popeza ndi wotchuka, tiyenera kumuona ngakhale asafune. Enawo anati popeza ndi wotchuka, amene anawavulaza atseke pakamwa. Kusiyana kwa Hamilton ndi Maynard kulinso pomwepa: Hamilton ankafuna kusindikiza mawu a mwini wake amene analembera anthu ena, pamene Maynard anafotokoza zimene zinamuchitikira iye. Ngakhale pamene anagulitsa makalata a Salinger pa okushoni ya Sotheby's mu 1999, anagulitsa mapepala amene anali ake, ndipo amene anawagula, Peter Norton, ananena kuti awabwezera kwa amene anawalemba.

Zatsala ndi zolemba za m'kabati zija. Mu 2019 mwana wake Matt ananena kuti bambo ake analemba zambiri ndipo banja likukonza zozitulutsa. Zikatuluka tidzaziwerenga n'kuziweruza monga timachitira ndi buku lililonse, koma kuchedwa kwake sikutibera kanthu, pakuti sizinakhalepo zathu. Yankho langa pa funso la mtsutso uno ndi lakuti inde, Salinger anali ndi ufulu wodzibisa kwa owerenga, atolankhani ndi ojambula. Ufulu umenewo sunamuchotsere udindo pa anthu amene anawalowetsa m'nyumba mwake, ndipo amene akufuna kumuweruza amvere anthu amenewo.