Kodi Chosadziteteza Ndi cha Wochitola?

Mwa zolengedwa zonse za m'tchire mwathu, chofatsa koposa ndi ngaka. Ilibe mano, siononga munda wa munthu; usiku imayenda yokha kunyambita chiswe ndi nyerere ndi lilime lake lalitali. Ikaona zoopsa imangodzipinda ngati nkhata, ndipo ngakhale mkango umalephera kuboola mamba ake. Koma nzeru imene imaipulumutsa kwa mkango ndiyo imaipereka kwa munthu, pakuti iye amangowerama, naitola, naiponya m'thumba.

Amalonda amatumiza mamba amenewa ku China ndi ku Vietnam, kumene ena amawayesa mankhwala, chonsecho mambawo ndi a mtundu umodzi ndi zikhadabo zathu. M'mwezi wa Epulo 2019, ku Singapore anagwira mamba oposa matani 25 ochokera ku Nigeria. Tsono ngaka imabereka mwana mmodzi yekha pa chaka. Kodi idzatha bwanji kubweza chiwerengero chotere? Nchifukwa chake m'chaka cha 2016 maiko a pangano la CITES, atasonkhana ku Johannesburg, analetsa malonda a ngaka pakati pa maiko, ndipo lamulo la Malawi la 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende.

Wina adzati: "Ana anga agona ndi njala, nyamayi ndaipeza ndekha, ndalakwira yani?" Njala sitiipeputsa, ndipo mlandu waukulu uli kwa wogula wolemera amene amatuma mmphawi kuti akamangidwe m'malo mwake. Komabe kutola si kukhala mwini. Mlengi anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ndife akapitawo, ndipo kapitawo sagulitsa chuma cha mbuye wake. Wopha nyama kuti adye amatenga gawo lake. Wothandiza kufafaniza mtundu wonse wa nyama amabera ana osabadwa chinthu chimene palibe munthu angachilengenso. Akuluakulu anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kufooka kwa cholengedwa sikutipatsa ufulu pa icho, koma kumatisenzetsa udindo. Mtima wozolowera kunena kuti "sichingandibwezere, ndiye ndi changa" sudzalekezera pa ngaka. Mawa udzatero kwa mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye.

Inu akatekisiti, phunzitsani ichi m'mipingo yanu: wokumana ndi ngaka aisiye ipite, ndipo akaiona m'manja mwa wogulitsa akauze mfumu kapena alonda a nyama zakutchire.