CIPIRIRO CA MLIMI WA MPUNGA

Pa Yakobo 5:7 mtumwi afanizira Mkristu wopirira ndi mlimi amene alindira mvula kufikira mbeu zace zitaca. Fanizo ili limveka msanga kwa anthu a ku Chama, m'cigwa ca Luangwa, m'dziko la mafumu a Asenga monga Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, kumene mpunga ndiwo cuma ca mabanja ambiri.

Moyo wa m'cigwamo suli wofewa iai. Cifukwa ca kashembe ng'ombe sizicuruka, ndipo minda yambiri itipulidwa ndi khasu la m'manja. Mvula ikakula m'miyezi ya January ndi February mitsinje isefukira, miseu iduka, ndi wodwala agona m'mudzi wosakhoza kufika ku cipatala. Mpunga ukayamba kuca, mpheta zifika usana, njobvu ndi mvuu usiku, kotero kuti nchito ya miyezi isanu ikhoza kutha tambala asanalire. Zaka zina mvula ikanika: m'caka ca 2024 cilala cinaocha cimanga m'maboma ambiri a Zambia, kufikira Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Munthu woona zotere akhoza kunena mumtima mwace kuti Mulungu wamuiwala. Koma mlimi yemweyo aphunzitsa Mpingo zinthu zitatu.

Coyamba, kupirira sikuli kukhala cabe. Mlimi sakhoza kufulumiza mvula, kapena kukoka ngala kuti zituruke. Koma alima, apalira, namanga cilindo. Zimene ziri za Mulungu azisiyira Mulungu, zimene ziri zace azigwira ndi manja onse awiri. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha; koma wodekhayo ayenera kukhala ali maso. Mkristu wopempha cakudya khasu liri pakhonde sadziwa cipiriro, angobveka ulesi dzina labwino.

Caciwiri, madzi amene adula mseu ndi omwewo amene akulitsa mpunga m'dambo. Walira mvula walira matope. Mkristu sanena kuti nthenda ndi imfa nzokoma. Ambuye mwini analira pa manda a Lazaro. Koma Paulo, pa Aroma 5:3-5, aonetsa kuti m'manja mwa Mulungu cisautso cikhoza kubala kupirira, ndi pa mapeto ace ciyembekezo cosanyenga. Yosefe anagulitsidwa ndi abale ace, nagona m'ndende wosacimwa. Koma njira yowawayo inapulumutsa banja la atate wace pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala.

Cacitatu, mlimi wanzeru sadya mbeu. Ngakhale nkhokwe yatha, ndi ana agona ndi phala lokha, mai asunga mpunga wa mbeu mumphika womata, pakuti akhulupira kuti mvula idzabweranso. Mbeu ya Mkristu ndiyo cikhulupiriro cace mwa Yesu Kristu, amene anaikidwa m'manda nauka tsiku lacitatu. Ambiri pa tsiku la tsoka adya mbeu imeneyi: wina athamangira kwa woombeza, wina aloza mbale wace kuti ndi mfiti, wina amira m'mowa, wina aleka kupemphera. Njala ikapita, otere apezeka alibe kanthu kofesa.

Ndiponso usiku wa njobvu mlonda sakhala yekha. Akaomba cigubu, a m'zilindo zina ayatsa moto nabvomera. Momwemo Mpingo uyenera kumva mfuu ya wamasiye ndi ya wodwala, nupite ndi ufa, ndi khasu, ndi pemphero. Pakuti ambiri ataya ciyembekezo cifukwa anapirira okha.

Caka catsopano cidzadza ndi matope ace ndi dzuwa lace, ndipo palibe munthu adziwiratu za mawa. Koma Mwini mvula sasinthika. Iye alimbitse mtima wa yense wolema, kuti asunge mbeu yace kufikira tsiku lokolola. Amen.